Ndili ndi zaka 16, kodi lamulo limandilola kuchoka pakhomo pa bambo anga? Thandizeni chonde

KamtsikanaKaTsidya

Moni nonse akuluakulu. Pepani ndilemba zambiri koma ndilibe wina oti ndimufunse, komanso foni ndikulemberayi ndi ya mnzanga wa mkalasi nde ndikachedwa kuyankha musadabwe.

Ndili ndi zaka 16, ndikwanitsa 17 mu Ogasiti, ndili fomu 3 pa CDSS ina kuno ku tsidya mbali ya kwa Mlolo, mudzi sinditchula. Mayi anga anamwalira 2021, bambo anakwatira wina. Poyamba zinali bolako ngakhale kutunga madzi ndine, kusinja mapira ndine, kubereka ana awo awiri kumbuyo ndine, zimenezo sindidandaula kwambiri poti ntchito siipha munthu. Zinavuta ndi madzi a Freddy aja mu 2023, tinakhala pa kampu pa sukulu pafupifupi miyezi iwiri, nyumba inagwa mbuzi zonse zinapita, nde bambo anakakongola ndalama ndi matumba atatu a chimanga kwa bambo ena ake ogula thonje, ngongoleyo mpaka lero siikutha imangobereka. Pano bamboyo wayamba kumabwera kunyumba madzulomadzulo, amabwera ndi shuga, sopo, tsiku lina anabweretsa chitenje ndi kafoni ka itel nkupatsa mayi ondipezawo kuti mumupatse mwanayu. Ine sindinalandire, kali mu sutikesi mwawo. Sabata yatha ndinamva bambo akuuza achimwene awo kuseri kwa khola kuti akangotseka teremu ino basi sukulu yakwana, za ngongole zithera pompo. Munthuyo ali ndi akazi awiri kale ndipo mwana wake oyamba tinalembera limodzi mayeso a sitandade 8.

Ine ndikufuna kuchoka. Amayi aang'ono, ang'ono awo a malemu mayi, amakhala ku Nchalo amagulitsa tomato ndi nsomba zouma pamsika, anandiuza kuti bwera udzakhale kuno. Koma bambo anawayankha pa foni kuti ndinalowola ine, ng'ombe zinapita kwanu, mwana ndi wanga, mukamutenga ndikakumangitsani. Nde amayi aang'onowo achita mantha.

Pa TikTok ndinaona mtsikana wa ku America akufotokoza kuti anapita kukhothi ali ndi zaka 16 nkumupatsa pepala loti iye tsopano ndi wamkulu, atha kuchita lendi nyumba yekha, makolo alibenso chonena. Kodi kuno ku Malawi zimenezo zilipo? ID ndili nayo ndinajambulitsa chaka chino. Ndikangonyamuka ndekha apolisi angandigwire? Nanga amayi aang'ono angamangidwedi?

KabazaWaPaBangula

Iwe chemwali ingopirira mpaka 18 basi, kwatsala chaka ndi miyezi yochepa. ID yo ndi yolembetsera simu ndi kugulira feteleza otchipa, siikupanga kukhala wamkulu kkkk. Za ku America zisiye ku America konko

MaiWaZaAna_Ngabu

A Kabaza mwawerenga bwinobwino koma? Mwana akuti teremu ikatha amupereka, inu mukuti apirire chaka ndi miyezi, apiririra kuti, kunyumba kwa mkulu wa thonjeyo?

Mwanawe tamvera. Ine ndinagwirapo ntchito yoteteza ana m'midzi zaka zingapo konkuno kuchigwa, si ine loya ayi koma nkhani ngati yakoyi ndaziyendera mpaka nsapato kutha chidendene. Ndiyambe ndi za pa TikTok zo. Zimene unaonazo ku America ziliko ndithu, amazitcha emancipation, ndipo dera lililonse lili ndi malamulo akeake, ku California mwachitsanzo mwana atha kukapempha kuyambira zaka 14 bola aonetse kuti sakukhalanso ndi makolo ndipo ndalama akuzipezera yekha mwachilungamo. Kuno kwathu pepala limenelo kulibe, palibe khothi lingakulembere kuti wakula usanakwane 18. Kale zinali zosokonekera, Constitution inkati mwana ndi osakwana 16 komanso inkalola ukwati kuyambira zaka 15 makolo akavomera, nde anthu ankabisala pamenepo. Mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha, mwana pano ndi aliyense osakwana 18 ndipo kachibowo ka makolo akavomera kaja anakatseka. Lamulo la maukwati la 2015 nalo limati 18. Nde iwe pamaso pa lamulo ndiwe mwana, ID ukhale nayo usakhale nayo, ndipo usadandaule nazo chifukwa umwana wakowo ndi umene ukupulumutse pa nkhaniyi, ukanakhala ndi 19 bwenzi tikulankhula zina zovutirapo.

Lamulo lathu silisiya mwana payekha, limamuchotsa m'manja mwa wamkulu amene akumuika pangozi nkumuika m'manja mwa wamkulu wina. Lamulo lake ndi la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, ndipo nkhani yako yalowa mmenemo kawiri. Koyamba, kukakamiza mwana ukwati kapena kumutomeretsa mokakamiza ndi mlandu. Kachiwiri, ndipo anthu ambiri sadziwa izi, kugwiritsa ntchito mwana ngati chikole cha ngongole ndi mlandunso paokha, analemba mwatchutchutchu. Zonse ziwirizi chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Nde matumba atatu a chimanga aja sabwezedwa ndi munthu, abwezedwa ndi chimanga kapena ndalama.

Tsopano kachokedwe kake. Lamulo lomwelo limati mwana akaoneka kuti akufunika chitetezo, wapolisi, wa social welfare, mfumu, olo munthu wamba wammudzi atha kumutenga nkumuika malo otetezeka mongoyembekezera, koma pasanathe maola 48 nkhaniyo ikuyenera kufika kukhothi la ana. Ma 48 wo ndi ofunika, ndi amene amasiyanitsa kupulumutsa mwana ndi kuba mwana. Pamenepa mpamene amayi ako aang'ono akuyenera kumvetsetsa, mantha awowo si opanda pake, kutenga mwana nkumubisa makolo osavomera ndi mlandu mu lamulo lomweli, nawonso wa zaka 10, nde akangotumiza thiransipoti pa Airtel Money iwe nkuthawira ku Nchalo usiku, bambo ako atha kupitadi kupolisi nkukanena kuti andibera mwana, ndipo kuti zimveke bwino padzatenga masiku akuvutika mayiwo, tomato akuola pamsika. Koma mayi omwewo akapita masana ku ofesi ya social welfare nkukanena kuti mwana wa malemu akulu anga akufuna kumukwatitsa pa ngongole ine ndili okonzeka kumusunga, nkhani yatembenuka. Wachibale aliyense ali ndi ufulu okapempha khothi la ana kuti limupatse mwana azimusunga, sizakuti bambo ndi mayi okha ayi. Majisitireti amayang'ana chomwe chingamukomere mwanayo, amafunsa a social kuti kunyumbako mwakaonako bwanji, ndipo iweyo amakufunsa maganizo ako, pa msinkhu wakowu mawu ako amalemera. Za ng'ombe za lobola angazimve poti ndi chikhalidwe chathu, koma ng'ombe sizipambana chitetezo cha mwana kukhothi. Ndiponso olo ukakhale ku Nchalo udindo okusamala bambo ako sukuwachoka, khothi litha kulamula kuti azipereka kangachepe, ndipo iwe mwini wake, aphunzitsi ako olo wachibale atha kukapempha zimenezo.

Kungochoka pakhomo si mlandu oti iwe umangidwe nawo, apolisi akakupeza amakutenga ngati mwana osowa kapena ofunika chitetezo. Vuto ndi loti ngati palibe amene akudziwa chifukwa chomwe wathawira, chapafupi kwa iwo ndi kukubweza kwa bambo ako komweko.

Nde panga izi. Imba 116, ndi yaulere olo foni ilibe mayunitsi, ndi nambala ya ana ya Tithandizane imene amayendetsa a YONECO, iliponso 5600 ya nkhanza. Uwauze zonse mmene walembera pano kuphatikizapo mudzi ndi mfumu yako, iwo amalumikizana ndi a social ndi apolisi a dera lako. Mawa lomwe uuze ahedi kapena mphunzitsi wamkazi amene umamukhulupirira, akuitanire a mother group, amayi aja othandiza atsikana pasukulu. Kupolisi ukafunse a Victim Support, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, osangofotokozera aliyense wapakauntala. Komanso tenga kope ulembe masiku, tsiku lomwe bamboyo anabweretsa chitenje ndi foni, tsiku lomwe unamva zakuseri kwa khola, anali ndani ndi ndani, kopelo lizikhala kwa mnzakoyo osati kunyumba. Ndinaonapo nkhani zabwinobwino zikugwa chifukwa mwana akafunsidwa kuti linali liti amangoti tsiku lina lake.

China, mwina ukumana ndi wina okuuza kuti 16 si mwananso chifukwa lamulo la 2010 lija analilemba nthawi imene malire anali 16. Usabwerere, umuuze mwaulemu kuti Constitution inasintha 2017 ndipo Constitution ndi imene ili pamwamba pa malamulo onse.

Zuze_wa_mMarka

Achemwali ine za malamulo sindidziwa, ndingokuuzani zomwe ndinaona ndi maso. Ndinathawa kwathu ndili ndi zaka 15, abambo aang'ono amene ankandisunga ankandimenya ndi chingwe cha ng'ombe, tsiku lina ndinangokwera lole ya thonje pa Bangula ndinabisala pakati pa mabelo, tikukwera mapiri a pa Thabwa ine ndikusangalala kuti ndapulumuka, mphepo ya ku mtunda ija itandimenya ndili ndi kabudula ndi malaya amodzi ndinazindikira kuti sindinaganize bwino. Ku Limbe ndinagona pakhonde la shopu miyezi itatu, katoni pansi thumba la saka pamwamba, mwana wa kuchigwa ozolowera kugona panja chifukwa cha kutentha kukagona panja mu Juni ku Limbe, amwene. Masana kunyamula katundu mumsika, madzulo anyamata akuluakulu kutilanda. Kenako wina anatiuza za ntchito ya kumunda ku Mozambique, tinapita anayi, tinalima nyengo yonse malipiro anali nsima ndi lonjezo. Ndinabwerako ndili ndi 19 opanda setifiketi iliyonse, pano ndimasoka nsapato. Anzanga amene ndinkawaposa masamu ena ndi aphunzitsi.

Ndipo ine ndinali mnyamata. Atsikana amene ndinawapeza mmisewu muja sindingalembe pano zomwe ankakumana nazo. Nde chonde mukachoka muchoke mmene anenera mayi a ku Ngabu wo, pakhale munthu okulandirani komanso pepala. Komanso samalani ndi azimayi ena amabwera mmidzi kuti ndikupezera ntchito ya m'nyumba ku Blantyre uzikaphunzira konko, mnzanga wina mlongo wake anapita choncho sukulu sanaione, anangokhala olera ana a eni ake.

MbuyaWaKwaTengani

Ndawerenga zonse. Mdzukulu wanga pepa, zomwe akufuna kuchita bambo akozo nzolakwika, ine ndine wachikulire ndinalowola ndipo ana anga aakazi analowoledwa koma lobola si kugula munthu, ndipo kubweza ngongole ndi mwana ngakhale makolo athu sankakuyamikira. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Koma inu mayi a ku Ngabu mwathamangira kupolisi ndi kukhothi ngati kumudzi kulibe anthu. Mwatchula zaka 10 kangapo konse. Bamboyo akamangidwa tiana tiwiri tija adyetsa ndani? Ndipo mtsikanayu adzakhala ndi dzina loti anamangitsa bambo ake mpaka imfa, pa maliro azidzamuloza, tsiku lomwe adzafune kukwatiwa mwaulemu akuchimuna kwa bambo ake adzakana kukhalapo. Inu mukaweruka kuofesi mumapita kwanu, iyeyu mtundu wake ndi omwewo. Kwathu kuno nkhani imayamba ndi abale. Amalume ake, alongo awo a malemu mayi ake, ali kuti? Anyamuke apite kwa bamboyo ndi ankhoswe amene anamanga ukwati wa malemuwo, akakanika apite kwa nyakwawa, nyakwawa aitane ndi mwini ngongoleyo amuuze pamaso pa anthu kuti chimanga chako udzalandira thonje likagulitsidwa, mwana musiye. Mafumu ambiri masiku ano ali ndi malamulo awo ammudzi oletsa maukwati a ana, amalipiritsa mbuzi, ndipo mfumu yolekerera imatha kutsitsidwa, si paja Inkosi Kachindamoto ku Dedza inatchuka nazo zothetsa maukwati a ana ndi kuimitsa mafumu ake aang'ono. Bambo amene wachititsidwa manyazi pabwalo amamulola yekha mwana kupita kwa mayi ake aang'ono, opanda wapolisi. Mwanayo amachoka ndi madalitso, tchuthi nkumabwera kudzaona abale ake.

MaiWaZaAna_Ngabu

Mbuya sindikutsutsani zonse ayi, ndipo kunena zoona nkhani zambiri zomwe ndinagwirapo zinathera pansi pa mtengo kwa nyakwawa, kukhothi zinafika zochepa. A social nawonso sathamangira kumangitsa kholo, amayamba ndi kukambirana, chifukwa malo osungirako ana ndi ochepa kwambiri ndipo aliyense amadziwa kuti mwana amakula bwino kwa wachibale. Bambo akavomera yekha kuti mwana akakhale ku Nchalo palibenso mlandu wa kuba mwana, nkhani yatha, ndi njira yachidule kuposa zonse. Zaka 10 ndazitchula kuti mwanayu adziwe kuti lamulo lili mbali yake, komanso pabwalo paja mawu amenewo amathandiza, mkulu wa thonjeyo akamva kuti nayenso zimukhudza amayamba yekha kunena kuti ine ndimangothandiza banjali.

Pomwe ndikusiyana nanu ndi poyambira. Inu mukuti ayambe amalume kupita kwa bambo. Mbuya, kwa Mlolo ndi Mozambique ndi kungowoloka Ruo. Ndinaonapo ndi maso anga, abale anapita kukakambirana Lachiwiri mwaulemu wonse, anagwirizana zokumana kwa mfumu Loweruka, pofika Lachinayi mtsikana kulibe ati wapita kukaona azakhali ake kutsidya, tinamupeza patatha miyezi 7 ali ndi mimba. Mwana akawoloka malire wapolisi wa kuno alibenso mphamvu, zimafuna kupemphana ndi a kumeneko ndipo zimatenga nthawi. Nde ine ndimati choyamba adziwe a social ndi a sukulu, mwana agone malo otetezeka, kenako bwalo likhale. Komanso si nyakwawa aliyense, ena amamwera limodzi ndi ogula thonje omwewo, ena anakongolanso komweko. Pakakhala wa boma pabwalopo mfumu imaweruza mowongoka. Ndipo zomwe agwirizanezo zilembedwe, bambo asaine kapena adinde chala, mfumu idinde chidindo, kope ina kwa a social ina kwa amayi aang'ono. Zapakamwa zimasintha thonje likalephera.

Bambo akakanitsitsa mpamene amayi aang'ono apite kukhothi, ndipo asaope za loya, kuli a Legal Aid Bureau amene ntchito yawo ndi kuimira anthu osowa ndalama, komanso kukhothi la ana nkhani zambiri zimayenda ndi lipoti la a social.

MadamWaChichewa

Ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Chikwawa, ndiwonjezereko za sukulu poti enanu mwaiwala kuti mwanayu ali fomu 3. Mwana wanga, ukasamuka usangosowa mkalasi, pempha kalata ya transfer kwa ahedi ako ndipo amayi aang'onowo ayambiretu kufunsa malo ku sukulu za kufupi ndi Nchalo, malo a fomu 3 ndi 4 amavuta. Uyesetse zitheke usanalembetse mayeso a MSCE, chifukwa ukalembetsa ku MANEB dzina lako limakhala pa senta ya sukulu yakaleyo nde udzapezeka ukuwolokanso Shire kukalemba mayeso kumudzi komwe unathawako. Ukakumana ndi a social ufunsenso za bursary, ana amasiye amaganiziridwa ngakhale kuti ofuna ndi ambiri kuposa ndalama zake, dzina likalowa msanga bola.

Ndikudziwa anzako akuuza za self boarding, kuti ungopeza kachipinda pafupi ndi sukulu muzikhala atsikana atatu muzisonkherana lendi. Ambiri amachita zimenezo ndipo palibe amawamanga, koma dziwa kuti kumeneko amakhala atatumizidwa ndi makolo, ufa ndi ndiwo zikuchokera kunyumba. Iwe ukapita mothawa ufa ukuchokera kuti? Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndimadziwa mmene zimathera, sabata ziwiri zoyamba bwinobwino, yachitatu ufa watha sopo watha landilodi akugogoda, nde pamabwera wina wa njinga yamoto kapena odula nzimbe atalandira malipiro kuti ndikuthandize, teremu yachiwiri mwana wasiya sukulu. Wathawa bambo wa thonje wakagwera kwa wina. Zoti uzidzipezera wekha ndi ganyu, inde lamulo la ntchito la 2000 limalola munthu kugwira ntchito kuyambira zaka 14, koma osakwana 18 saloledwa ntchito zoika moyo pachiswe kapena zosokoneza sukulu, nde makampani enieni sakulemba, otsala ndi aja okulipira mwezi uno mwezi wamawa ayi.

Ndipo ena amanamiza ana kuti ukakwatiwa ndi mnyamata amene umamukonda wekha basi wakhala wamkulu bambo ako alibenso mphamvu. Bodza, ukwati wa osakwana 18 lamulo siliuwerengera olo mutakondana bwanji, ndipo mnyamatayo ndi amene amalowa m'mavuto.

KabazaWaPaBangula

Madam nde mwatiyamba ife a njinga kkkkk si tonse. Koma chabwino ndavomera ndinayankha mophweka, za ngongolezo ndinadumpha sindinawerenge

KamtsikanaKaTsidya

Takhuta nonse, pepani ndinasowa masiku asanu, mnzanga anapita kumaliro ndi foni yake. Ndinaimba 116 Lolemba pa buleki kuseri kwa kalasi, koyamba inangolira osayankhidwa kachiwiri anayankha amayi ena ake, ndinalira kaye osatha kulankhula koma anandidikira. Kenako ndinawauza madam a Biology, iwo anawauza ahedi, Lachitatu kunabwera abambo ena oteteza ana pa njinga yakapalasa ndi amayi awiri a mother group. Panopa ndikugona kwa amayi a tcheya a mother group, kunyumba anakawauza okha ine kulibe. Mayi ondipeza ati anakuwa kwambiri kuti ndawachititsa manyazi, bambo sanalankhule kanthu anangolowa m'nyumba. Kafoni kaja anakatenga abambo oteteza anawo ati ndi umboni. Kope ndinalemba mmene munanenera, masiku ena ndinaiwala koma la foni ndikulikumbuka chifukwa linali tsiku la msika.

Bwalo likhala Lachiwiri kwa nyakwawa, amalume anga abwera kuchokera ku Ngabu ndipo amayi aang'ono ati atseka benchi abwera. Ati zikayenda bwino tikawoloka limodzi kupita ku boma kuti zikalembedwe ku ofesi.

Koma Mbuya zomwe munanena zija zikundisowetsa tulo. Ine sindikufuna bambo anga amangidwe, sanali choncho madzi asanabwere, ankandiperekeza okha ku sukulu pa njinga mvula ikagwa. Akandifunsa pabwalo ndinene bwanji kuti ndipite ku Nchalo koma iwo asalowe m'mavuto? Komanso kabuku kanga ka kuchipatala kali ndi mayi ondipeza akukana kupereka, kodi ndikofunika?

MbuyaWaKwaTengani

Mdzukulu wanga unene zomwe walemba apazi, kuti bambo anga ndimawakonda, sindikufuna amangidwe, ndikufuna sukulu. Ugwade ponena, usaloze chala munthu, za ngongole usiyire amalume ako. Mayi a ku Ngabu pa za Ruo paja munanena zoona, ndavomera.

MaiWaZaAna_Ngabu

Wachita bwino mwanawe. Unene zoona zokhazokha, usachepetse kuti uwateteze bambo ndiponso usaonjezere, ukayamba kunena kuti mwina ndinamva molakwika kuseri kwa khola kuja akubweza kunyumba tsiku lomwelo. Zoti sukufuna amangidwe uwauziretu a social wo lisanafike Lachiwiri, amamva, ukwatiwo sunachitike nde mpata okambirana ulipo, ngakhale sindingakulonjeze poti kutsegula mlandu kapena ayi oganiza si iwe. Ufunsenso abambo oteteza anawo ngati nkhani yoti ukugona kwa amayi a tcheya anakaidziwitsa kukhothi, ma 48 aja, kuti mayiwo nawo akhale otetezeka. Kabuku ka kuchipatala usalimbane nako, zaka zako zili pa ID ndi mu rejisitala ya sukulu, kabukuko ukagula kena. ID yo ndi imene usaisiye m'nyumba muja, ngati ili komweko apite akaitenge a mother group. Amayi aang'ono abwere ndi ID yawonso, ndipo akonzekere kufunsidwa kuti nyumba yawo ndi ya zipinda zingati, ugona ndi ndani, pakhomopo pali amuna angati, asakhumudwe nazo amafunsa aliyense.

KabazaWaPaBangula

Chemwali mukawoloka pa Mtayamoyo tsiku lopita ku bomalo mufunse anyamata a pa doko za njinga yofiira yolembedwa Zonse Ndi Nthawi kumbuyo, ndikakusiyani pa siteji ya minibasi ulere. Koma mukwere ndi amayi aang'onowo kapena a mother group, nokha sindikunyamulani, ndamva za zaka 10 zija ine